Penti wa pansi pa mpando wa thalakitala

Fakitale imene ankagwirako ntchito itatseka n'kuwapatsa ndalama zawo zomaliza, anzawo a amuna anga anagula malata, ena makina osokera. Anga anabwera ndi thalakitala yakale yofiira, yokokedwa ndi lole chifukwa sinkalira. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mafuta ophikira tinkazipeza titaima pamzere mpaka miyendo kutupa. Ndinakalipa tsiku limenelo mpaka mawu kusasa. Iwo anangoti azilimira anthu minda ya m'mbali mwa msewu wa Nakatindi, ndipo ana adya.

Chimene chinafa chinali pampu ya madzi. Kachitsulo kolembedwa mtundu wa thalakitalayo kanali katathothoka kalekale, choncho amuna anga anangoona kufiirako n'kutsimikiza okha kuti ndi ya mtundu wa zofiira zija zinali mbwee m'mafamu. Safunsa anadya phula. Anakwera sitima mpaka ku Lusaka, nabwera ndi pampu imene mabowo ake sanagwirizane ndi a injini. Anayesanso kwa munthu wina wa ku Choma, chimodzimodzi.

Atatero anaika sipanala pansi, ndipo pakamwa anatsekanso. Munthu amene ankandiyankha ndisanamalize mawu anayamba kukhala pansi pa mango tsiku lonse, maso ali pa matayala. Ndinayesa kuwaputa dala, kupsereza ndiwo, ngakhale kunyoza alongo awo, koma iwo duu. Ndinachita mantha. Njala sindinkaiopa kwenikweni, ndinakula nayo. Ndinkaopa kukhala ndi mwamuna woyenda koma atazima m'kati, ndipo ndinkadziwa kuti mvula ikagwa chitsulocho chili chikhalire, sadzadzukanso.

Tinali ndi mnansi wachikulire wa Chilozi amene anagwira ntchito yotchetcha udzu ku bwalo la ndege mpaka kupuma. Tinkawaitana kuti bo-ndate, monga Alozi amalemekezera abambo. Tsiku lina anandipeza ndikuyanika zovala pa thalakitalayo. Ndinkachita dala, kuti mwina mwini wake apse mtima.

"Amake mwana," anatero akuseka, "iyi thalakitala ni yofiila zoona, olo ni dilesi chabe yamene inavala?"

"Bo-ndate, ine nizaziba bwanji? Nifuna chabe ichoke pa yadi panga."

"Mwaibala tauni yamene munkhalamo? Kuno bakulu bakabwela, tipenta vonse, na myala yamene. Bweletsani supuni."

Ananena zoona. Kukamveka kuti akuluakulu a boma akubwera, chilichonse choima m'mbali mwa msewu wochokera ku bwalo la ndege chinkapakidwa mothamanga: miyala, tsinde la mtengo, mgolo wa zinyalala. Penti amene wapezeka ndi yemweyo. Tinkanyozana kuti ukaima nthawi yaitali podikira basi, nawenso akupaka.

Ndinatenga supuni yakale, bo-ndate anandilozera pa chitsulo chotchinga matope pamwamba pa tayala lalikulu. Anati ndipale pang'onopang'ono, chopendeketsa, ngati ndikupala mamba a nsomba yaing'ono. Wofiira uja anachoka mosavuta, anali wa dzulodzulo, wokopera ogula basi. Pansi pake panatuluka wobiriwira. Bo-ndate anati ameneyo ndi wa kopaletivi ina imene inayamba ndi nyimbo dziko litangolandira ufulu n'kutha ndi mikangano. Ndinapalabe, panatuluka wachikasu. Apo mkuluyo anasiya kuseka, nagwira malowo ndi chala.

"Iyi niiziba. Inali yathu ku eyapoti, inenze kudonsa mashini yocheka mauzu. Kansi ni iwe, nkhalamba inzanga!"

Pansi pa wachikasu panali wotuwa ngati phulusa, wolimba, wokana supuni. Kuti titsimikize, anati tione pamene wopaka waulesi safika. Tinakweza mpando, ndipo pansi pake panali potuwa pokhapokha, penti wa ku fakitale amene burashi sinamukhudzepo.

Sindinaone nthawi imene amuna anga anadzuka pa mango paja. Ndinangomva dzanja likundilanda supuni. Anagwada pambali pa injini, napukuta girisi kuseri kwa thanki ya mafuta, n'kupala pang'ono. Panawala mtundu wina, wonga mkuwa wotsukidwa.

"Golide," anatero. Anali mawu oyamba amene ndinamva kwa iwo osawachonderera.

Bo-ndate anafotokoza kuti thalakitala zotuwa za injini ya golide zinali zochepa m'dera lathu. Anakumbukira kuti mzungu wina wa famu ya cha ku Nakatindi anagula ziwiri pamodzi. Pochoka m'dziko, imodzi anagulitsa ku bwalo la ndege, inayo anasiyira dalaivala wake. Ngati thalakitala ya dalaivalayo inalipobe, pampu yake ikanalowa pa yathu.

M'mawa mwake tinapita atatu. Dalaivala uja anali atamwalira. Tinapeza mkazi wake, mayi wa Chitonga wamfupi, wosathamangira mawu. Thalakitala inalipo kuseri kwa khola, yopanda matayala, yotuwa mmene inabwerera. Amuna anga anakweza boneti. Pampu inalipo, yathunthu. Koma pambali pake penipeni panali thadzi litafungatira mazira.

"Pampu muzatenga," anatero mayiwo. "Koma nkhuku yanga simuzaichosa. Lindilani itotole."

Mitambo inali itayamba kale kuda chakumadzulo. Ndinafuna kuwafunsa ngati anapiye aposa ana anga, koma bo-ndate anandiponda phazi, ndipo ndimawathokozabe chifukwa cha phazi limenelo. Ndikanalankhula, tikanabwerera chimanjamanja.

Kudikirako n'kumene kunachiritsa amuna anga, ngakhale pa nthawiyo ndinkangoona ngati chilango. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kukaona thadzi lija. Akafika, mayiwo ankawapatsa mpando n'kuyamba kukamba za malemu awo: mmene anaphunzirira kuyendetsa mzungu akukuwa kumbuyo, mmene thalakitala ziwirizo zinatsikira pa sitima anthu atazungulira, ndi tsiku limene imodzi mwa izo inanyamula mayi wapakati kupita naye kuchipatala msewu utasanduka mtsinje. Madzulo amuna anga ankabwera ndi nkhanizo, n'kumandiuza pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuphunziranso kuyenda atadwala.

Anapiye atatuluka, mayiwo anawasamutsa okha m'lichero. Titafunsa za malipiro anagwedeza mutu.

"Muyambe kulima munda wanga. Nifuna chabe nimveleko futi kulila kwa injini ija."

Pampu inalowa ngati inabadwira pomwepo. Injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, kenako inagwira. Mvula yoyamba inagwa amuna anga ali pakati pa munda wa mayi aja, ndipo bo-ndate, amene anapita nawo, anadzandiuza kuti mayiwo anaima pamvulapo osafunda kanthu mpaka mzere womaliza.

Bo-ndate ndi mayi aja onse awiri anatisiya kalekale. Sanali abale athu, sitinali a mtundu umodzi kapena a mpingo umodzi, ndipo sindinawathokoze mokwanira ali moyo, chifukwa pakamwa panga pamafulumira pokalipa kuposa pothokoza. Koma ana anga anadya ndi kuphunzira chifukwa cha anthu awiriwo.

Tsiku la mvulalo amuna anga anafika madzulo matope mpaka m'makutu. Asanakhale n'komwe anatsegula bokosi la zitsulo, n'kuyamba kukuwa.

"Amake mwana! Ndani wagwira sipanala zanga? Nyumba ino munthu sangasiye chinthu pamalo?"

Ndinawayankha mokweza kuposa iwo, kuti sipanala zawozo sindiphikira. Anabweza, ndinabweza. Kenako ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinagwada pamatope pomwepo, ndi kulira ndikuthokoza Mulungu.