Ndinali Pakamwa pa a Kandudu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kulongolola. Sukulu itandikanika ku Fomu 2, ndinkangogwira ganyu yosoka fodya pa esiteti ina kufupi ndi Chamama, ndipo Loweruka ndinkathawira ku vidiyo ya a Nkhoma pamsika. Vuto langa, sindinkatha kuonera filimu mwakachetechete. Mzungu akayankhula pa sikirini, ine ndinkauza anzanga pabenchi zimene wanena, chikhalirecho Chingerezi changa chinali chothyokathyoka. Tsiku lina a Nkhoma anandigwira kolala. Ndinati basi, lero andipirikitsa. Koma anangoti, "Iwe Kondwani, mlomo wakowu ukungotayika. Mawa ubwere udzagwire maiki."

Nyumba ya vidiyoyo inali ya zidina, mawindo otseka ndi ziguduli za fodya, mabenchi a masilabu. M'mawa ndinkapukuta mkati mwa deki, makina oonetsera makaseti, ndi thonje lonyika mu sipiliti, kubweza makaseti, kuthira petulo mu jenereta, kenako kulemba ndi choko pabolodi mafilimu a tsikulo. Deki ikatafuna kaseti, ndinkadula potafunidwapo ndi lezala n'kulumikiza ndi selotepi. Koma ntchito yeniyeni inali ya manja awiri: lamanzere pa voliyumu, lamanja pa maiki. Munthu akatsegula pakamwa pa sikirini, tsitsa voliyumu, yankhula iwe. Mfuti ikamalira, kweza, iwe tseka pakamwa. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, m'chifundizi, m'fungo la thukuta ndi utsi wa jenereta. Pofika kunyumba kukhosi kunkakhala ngati ndameza mchenga.

Mwa azungu onse amene ndinawayankhulira, mmodzi yekha ndiye anali wathu. Dzina lawo lenileni linkatipinda lilime, ndiye tinkangoti a Kandudu, poti ndudu sinkachoka pakamwa pawo. Akangotulukira, matenanti ankakuwa, "Fodya wathu uyo akusutayo!" Makaseti awo ankatipeza mosatsata zaka. Sabata ino ali mnyamata pa hatchi, sabata yamawa ndi wapolisi wa imvi, kenako abwereranso unyamata. Sankathamanga, sankakalipa. Mafilimu a nthawi imeneyo sanali a phuma ngati a lero. Munthu ankayenda chigwa chonse iwe ukumuona, mpaka afike.

Ndinawapatsa mawu a besi, ochepa, olemera. Pamene Chingerezi chandipitirira, ndinkaikapo zathu. Akaima pamaso pa mwini ng'ombe wolemera, ine ndinkati, "Bwana, thukuta langa mwadya lakwana." Ee, holo yonse m'manja! Anthu aja sakanayerekeza kunena zimenezo kwa kapitawo, koma a Kandudu ankawanenera.

Kenako kunabwera madisiki. A Nkhoma anachokera ku Lilongwe ndi kamakina kopyapyala ndi mafilimu omasulira kale. "Disiki sidwala chifuwa," anatero, "sipemphanso chamasana." Maiki inalowa m'dirowa, deki inakwera pamwamba pa kabati, makaseti onse n'kugulitsidwa. Ine anandiika pakhomo, kulowetsa anthu ndi kusesa makoko a nzimbe, ndipo anandiuza kuti mwezi ukatha ndione zina. Sindinakangane nawo. Ndinali nditatopa, komanso chifuwa chinali chitandigwira.

Lamulungu lina, nthawi yogulitsa fodya, kondakitala wa minibasi anabwera ndi nyuzipepala. Munali chithunzi cha nkhalamba yowonda, yopanda ndudu, koma chibwano ndi maso zinali zomwezo. A Kandudu amwalira kwawoko. Nkhani inayenda msika wonse, ndipo anthu atatuluka m'matchalitchi anayamba kufika, osati mwaphokoso ngati masiku onse. Patsogolo panali a Likoswe, tenanti wachikulire wochokera ku Phalombe, amene sankaphonya filimu ya a Kandudu. Anavula chipewa pakhomo.

"Tabwera kudzakhuza," anatero. "Tiikireni mkulu uja."

A Nkhoma ataona holo yadzaza anasekerera, n'kuika disiki. A Kandudu anatulukira pa hatchi, n'kutsegula pakamwa. Abale, mawu amene anatuluka! Kamnyamata ka m'tauni, mawu ngati a nkhuku, kakuwayankhulitsa za mowa ndi atsikana, pakatipakati n'kumatchula dzina lake kudzitama. Achinyamata angapo anaseka. A Likoswe anaimirira.

"Zimitsani. Awa si iwowo. Pamaliro sitichita zachibwana."

Anthu anayamba kudzuka m'mabenchi. A Nkhoma anandithamangira pakhomo, maiki ili m'manja. "Kondwani, mwana wanga, tagwira apa, anthu asandithawe."

Mwana wanga lero? Mtima unandiwawa, ndipo ndinafunitsitsa kukana, awone okha mmene disiki yawo ikhuzire maliro. Koma a Likoswe ankandiyang'ana, chipewa chili pachifuwa. Ndinalandira.

Apa ndi pomwe panali ntchito. Pa disiki mawu a kamnyamata kaja ndi omatirira, sungawachotse pawokha. Ndinayenera kutsitsa voliyumu mpaka pansi, osaikwezanso. Ndiye panalibe mfuti, panalibe mapazi a hatchi, panalibe nyimbo yoti ndipumirepo. Filimu yonse inatsamira pakhosi langa lodwala. Ndinayamba bwino, besi ija inabwera, ndipo ndinamva anthu akukhazikika. Chapakati mawu anayamba kusasa. Ndinkatsokomolera kumbali, kumeza malovu, kupitiriza. Chakumapeto ndinkangonong'ona, mlomo utagunda maiki, anthu atasendeza mitu kutsogolo kuti amve.

M'filimu imeneyo a Kandudu amaomberedwa pomaliza. Amakhala pansi n'kutsamira khoma, ndudu n'kugwa. Kale pamenepa ndinkawapatsa mawu otsanzika, amayi ena mpaka ankapukuta misozi. Tsiku limenelo ndinatsegula pakamwa, koma sipanatuluke kanthu. Ndinayesanso, mphepo yokha. Milomo yawo inkagwedera pa sikirini, m'holo muli zii, kunja jenereta yokha ikulira. Anatsinzina opanda wowayankhulira.

Palibe anaomba m'manja. A Nkhoma anatsegula chitseko, kuwala kunalowa. Ine ndinakhalabe pampando, manyazi atandigwira, ndikuti ndawakhumudwitsa anthu. Ndiye ndinaona a Likoswe aima patsogolo panga. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, n'kuwerama pang'ono.

"Pepani, achimwene. Mwataya munthu."

Kumbuyo kwawo kunali mzere. Abambo, amayi a ana kumsana, ngakhale achinyamata anaseka aja, aliyense kundipatsa dzanja, "Pepani, pepani." Ine ndinkangogwedeza mutu ngati namfedwa weniweni.

Lolemba maiki inabwerera m'dirowa, ndipo mwezi utatha a Nkhoma ananditsanzika monga ananenera. Sindiwada, munthu wa bizinesi amakusunga kufikira atapeza chosadya. Lero ndimalima soya, ndipo ana anga amaonera mafilimu pafoni, aliyense payekha, kumaso kuli gwaa. Chimene ndinatola n'chakuti ntchito ikamafa, mwini wake sakuuza kuti pepa. Amakuuza ndi anthu amene unkawagwirira. A Likoswe ankadziwa kuti mzungu uja sindinamuonepo ndi maso. Ankadziwanso kuti tsiku lija tinaika maliro awiri, a Kandudu ndi ntchito yanga.