Chitenje pa Chithunzi cha Eni Ake

Sabata ino mtima wanga uli m'mwamba, ndipo wandisowetsa mtendere ndi mlamu wanga Naphiri. Amasamalira agogo ena achimwenye m'tauni ya Markham kunja kuno, amene sitiroko inawalanda mawu ndi miyendo. Lachiwiri anandiimbira ali m'basi, akulira.

"Alamu, ntchito ija ikutha. Agogo aja akukana kudya, ndiye mwana wawo akuti vuto ndine."

Nkhani yake ndi iyi. Moyang'anizana ndi bedi la agogowo pali chithunzi chojambula pamanja: mayi wovala zofiira, wa manja ambirimbiri, atakwera mkango. Ahindu amamutcha Durga. Mlamu wanga, mayi wa Mvano weniweni, akachiona thupi limachita tsemwe. Ndiye anatenga chitenje n'kuchiphimba bwinobwino, monga timaphimbira wailesi kwathu. Atafunsidwa anati amaopa fumbi.

Fumbi? M'nyumba yotseka mawindo chifukwa cha chisanu? Aa, alamu, bodza nalonso limafuna nzeru!

Chimene sankadziwa n'chakuti agogowo saika kanthu m'kamwa asanaione nkhope ija, nayonso iwaone. Mwana wawo anamufotokozera mokalipa kuti manja ambiriwo ndi mphamvu zotchinjiriza munthu, zida zili m'manjamo n'zogonjetsera zoipa, ndipo dzanja lotambasula lija likunena kuti usaope. Tangoganizani, dzanja loti usaope ndi lomwe linaphimbidwa chifukwa cha mantha.

Zandikwiyitsa, osati chifukwa mlamu wanga ndi woipa mtima. Amawasambitsa agogowo ngati mayi ake omubereka. Chandinyansa ndi chizolowezi chathu ichi: tikaona chinthu chachilendo timathamangira kunena kuti ufiti. M'mafulati a ku Scarborough timakwera chikepe chimodzi ndi anthu amenewa tsiku ndi tsiku, koma ndani wa ife anafunsapo kuti mutu wa njovu uli pachitseko cha neba ukutanthauza chiyani? Safunsa anadya phula. Ife tomwe timalusa bwana akamuyang'ana moipa mlongo wathu chifukwa cha hijabu.

Palibe akuti mlamu wanga agwadire chithunzi. Angochisiya chioneke, basi.

Chitenje chachoka, agogo amwa phala. Za ntchito, mwana wawo akuti aganize kaye, ndipo Naphiri ali ndi ana awiri pasukulu.

Nafenso tikukalambira m'dziko la eni. Tsiku lina mudzagona pabedi osatha kulankhula, wokusamalirani ali wa chipembedzo china, wokoma mtima koma wamantha. Pakhoma panupo adzaphimba chiyani?