Chimbale cha Maliro a Mlongo Wanga

Mlongo wanga anamwalira ku America ndipo anaikidwa komweko. Mapepala ake sanali bwino, choncho anzake a kumeneko anatiimbira foni n'kutiuza kuti zotumiza thupi kuno tiiwale. Tinakhuza maliro opanda mtembo kunyumba kwanga ku Kanjedza. Tinatulutsa mipando pabalaza, amayi a kumpingo anaimba masiku awiri, kenaka anthu anabalalika. Masiku onsewo amayi anga sanagwetse msozi ndi umodzi womwe.

"Ndilire chiyani?" ankatero. "Ndilire foni? Nkhope ya mwana wanga waiona ndani?"

Kwathu maliro sanyamuka abale asanaone nkhope. Bokosi limatsegulidwa, anthu amadutsa mmodzimmodzi, mtima n'kuvomera zimene maso aona. Amayi anakana kumeta, anakana zovala zakuda, mapeto ake anayamba kukana chakudya. Anali ndi matenda a shuga, ndipo pomatha masabata atatu chitenje chinayamba kuwakulira. Amalume, achimwene awo a amayi, anabwera kuchokera ku Thyolo kudzatimeta, koma lumo linangokhala m'thumba. Tsiku lina anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti, "Mayi akowa akapitiriza chonchi, m'nyumba muno mutuluka bokosi lenileni." Ndinachita mantha kwambiri.

Tinabadwa awiri, ine wamkulu. Mwanayo anali wanthabwala, ine wosachedwa kupsa mtima, ndipo mpaka lero sindinasinthe kwenikweni. Tili ana tinakanganirana bango limodzi, ine n'kumenyetsa chitseko dzanja lake lili pamphuthu. Kachala kakang'ono ka kumanja kanapindika, sikanawongokenso. Atakula ankati akafuna kanthu kwa ine amangokaimika m'mwamba osayankhula, ine n'kumupatsa ndikumutukwana.

Lachinayi lina mayi wina wochokera ku America komweko anasiya envelopu kuofesi kwathu ku Mandala, kumene ndinkagwira ntchito yotayipa. M'katimo munali chimbale cha DVD. Anzake aja anali ataitana wojambula kanema pamaliropo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa. M'malo moyamba ndachiyesa, ndinaimba foni kunyumba nthawi yomweyo kuti, "Auzeni amayi nkhope yabwera." Pofika madzulo ndinapeza amayi atasamba, atamanga duku, atakhala pamkeka kutsogolo kwa wailesi ya kanema, amayi anayi a kumpingo atawazungulira. Amalume anali atavala jekete.

Deki yanga inali ya dzina lotchuka, yogula musitolo yaikulu m'tauni, ndipo ndinkaivundikira ndi kansalu koluka. Ndinkanyoza anzanga ogula timadeki topanda dzina ta mumsika. Ndinaika chimbale chija. Chinazungulira pang'ono, pasikirini n'kubwera mawu a Chingerezi onena kuti chimbalechi sichololedwa m'dera lino. Ndinachitulutsa, ndinachipukuta ndi chitenje, ndinachiuzira mpweya, ndinabwezeramo. Mawu omwewo. Mmodzi wa amayi aja anati tichipake mankhwala otsukira mano, ndipo mmene ndinawayang'anira sanabwerezenso.

Amayi anga anamasula duku pang'onopang'ono n'kuliika pamiyendo.

"Mwaona?" anatero. "Palibe maliro apa."

Amalume anali atanena kale kuti Loweruka masana akubwerera kumudzi, kumeta kapena kusameta. M'mawa wa Lachisanu sindinapite kuntchito. Ndinakulunga dekiyo m'chitenje ndi kukwera minibasi ya ku Limbe. Kondakitala anati, "Katunduyo tiike kumbuyo, mayi," ine ndinamuuza kuti ayese kumugwira aone. Ndinalowa masitolo atatu. Wina anati chimbale n'chokalika, wina anafuna kundigulitsa deki yofanana ndi yangayo. Yachinayi inali ya bambo wina wachimwenye, wa ndevu zoyera, amene ankayankhula Chinyanja chakale kuposa changa. Iyeyo ndiye anayamba wafunsa kumene chimbale chachokera.

"Mayi, opanga zinthu izi anagawa dziko m'zigawo," anatero. "America ili ndi nambala yake, deki yanuyi ili ndi nambala ina. Zikasiyana, deki imakana."

"Ndiye maliro a munthu nawonso afune chiphaso?" ndinafunsa mokalipa, ngati anagawa dzikolo anali iyeyo.

Sanakwiye. Anatulutsa kabuku kakale, anatsegula kathireyi ka deki, n'kuyamba kudina manambala parimoti. Koyamba zinakanika, kachiwiri zinakanikanso. Kachitatu anatseka kathireyi, chimbale chinazungulira, ndipo pa wailesi ya kanema yatsopano ya musitolomo panaoneka tchalitchi, maluwa achikasu, anthu ovala zakuda. Ndinakuwa kuti azimitse. Sindinafune kumuona amayi asanamuone.

Ndinathamangira ku Kanjedza, ndinalumikiza mawaya, ndinaitana amayi. Mawu anamveka bwinobwino, nyimbo ya maliro ya Chichewa yoimbidwa ndi anthu akutali. Koma chithunzi chinalibe mtundu, ndipo chinkangothamanga kukwera m'mwamba, mitu ya anthu ikusowa kumwamba n'kutulukiranso pansi. Ndinamenya wailesiyo m'mbali, ndinaimenya pamwamba. Tinabwereka ya aneba, zomwezo.

"Mukundionetsa mizukwa?" anatero amayi. "Zimitsani."

Anakagona atayang'ana kukhoma, tiyi wa m'mawa ali pomwepo pampando.

Ndinabwereranso ku Limbe. Ndinaiwala kuti linali Lachisanu masana: sitolo inali yotseka, mwini wake atapita kumzikiti. Ndinakhala pakhonde, deki pamiyendo, mavenda akundilambalala. Ndinalira pamenepo, koma kunali kulira kwa mkwiyo. Ndinakwiyira azungu ogawa dziko, ndinakwiyira deki yanga yonyada, ndinakwiyira mlongo wanga chifukwa chokafera kutali. Kuposa zonse ndinkaopa kuti amayi andifera m'manja ndili ndi mwana wawo m'chikwama.

Bambo uja atabwera anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndinayenera kukufunsani za wailesi yanu," anatero. "Mipanda ndi iwiri. Tagwetsa umodzi. Wachiwiri ndi kajambulidwe. Ku America amagwiritsa ntchito NTSC, kuno ndi PAL. Wailesi zakale zimadziwa imodzi yokha. Iyi yatsopanoyi imalandira zonse." Analoza wailesi yatsopano ija. "Bwerani nawo amayiwo mawa m'mawa ndisanatsegule."

Amayi anakana. "Maliro a mwana wanga ndikaonere musitolo ngati ndikugula wailesi?" Amalume ndi amene anawagonjetsa. Anagwada pafupi ndi bedi, munthu wamkulu wa imvi, nati, "Chemwali, maliro sasankha malo. Tiyeni tikamuone mwana." Loweruka m'mawa tinawanyamula pagalimoto ya aneba, chifukwa minibasi sakanaitha.

Bambo uja anali ataika mipando itatu pakati pa mafiriji ndi makatoni. Anazimitsa mawailesi ena onse, anatsitsa chitseko chachitsulo mpaka theka, n'kuima kumbuyo ndi rimoti. Chithunzi chinabwera choyera bwino, cha mitundu yonse. Tinaona tchalitchi, tinamva abusa, tinamva anzake akumuyamikira. Kenaka anthu anaimirira pamzere kupita kubokosi, ndipo bokosilo linali lotsegula. Amayi anasendera kutsogolo pampando.

Wojambulayo anali mzungu kapena munthu woleredwa chizungu, sindikudziwa. Anaima kuseri kwa chivundikiro cha bokosi n'kumajambula nkhope za olira. Mmodzi adutse, wina adutse, onse akuyang'ana pansi pomwe ife sitinkaona. Mwina kwawoko kujambula nkhope ya womwalira n'kupanda ulemu. Mzere unkafupika. Ndinayamba kumuyankhula munthuyo ngati akundimva: "Tazungulira iwe! Tazungulira!" Sanazungulire. Munthu womaliza anali mayi wina atanyamula duwa. Anawerama kuliika m'bokosi, kamera inatsika kutsatira duwalo, kenaka inakwera. Amuna awiri anatseka bokosi.

Ndinagwira kumutu. Masiku atatu onse aja, nkhope palibe. Sindinathe kuwayang'ana amayi.

"Bwezani," anatero amayi.

Bambo uja anabweza.

"Pa duwapo. Imitsani."

Chithunzi chinaima. Panali duwa loyera, jekete yakuda, ndi manja awiri opingasa pachifuwa. Amayi anadzuka okha popanda wowagwira, anafika pafupi ndi galasi mpaka mpweya wawo unachita nthunzi. Kachala kakang'ono ka dzanja lamanja kanali kopindika, kataima padera pa tinzake.

Anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Chitseko chija," anatero.

Atatero anagwa pansi n'kuyamba kulira maliro. Anamuitana mwana wawo ndi dzina la paubwana limene ndinali nditaliiwala. Kulirako kunatulukira pansi pa chitseko chachitsulo mpaka mumsewu. Amayi ena ogulitsa nthochi pakhonde anasiya malichero awo, analowa chowerama, anakhala pansi pambali pa amayi n'kumalira nawo, osafunsa kuti wamwalira ndani. Bambo uja sanatsegule sitolo mpaka amayi atatopa.

Masana omwewo amalume anatulutsa lumo lija natimeta kuseri kwa nyumba, ndipo basi ya ku Thyolo anaipeza. Amayi anapempha phala. Ndikulitakasa m'khitchini ndi pamene ine ndinayamba kumulira mlongo wanga. Zaka zonse zija ankandiimikira kachalako, ine ndinkangomutukwana. Sindinamuuzepo pepani.