Miyendo ya Apongozi

Kwathu mtengwa sayandikira apongozi ake aamuna. Ine, ngakhale anthu amandidziwa kuti pakamwa sindisunga mawu, chikwatiwire ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Madzi ndinkawapatsa chogwada, nkhope ili kumbali. Tikakumana m'kanjira ka m'munda ndinkapatukira m'fodya, mame achite kundinyowetsa chitenje chonse. Tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Chamama: ine, amuna anga, ndi bambo awowo, amene mkazi wawo anali atamwalira kalekale.

Tsikulo tinkasoka fodya m'chigafa, dzuwa litakwera. Amuna anga anali atapita ndi thirakitala kukadula mitengo kutali. Ndinangoona apongozi asiya singano, akhala pansi, dzanja lili pachifuwa. Malaya ankachita kunjenjemera pamtima.

"Amayi, mtimawu ukuthamanga, sukuima," anatero, akuyang'ana nsanamira osati ine.

Tenanti mnzathu anawakweza panjinga mpaka pakachipatala kapafupi, ine ndikuthamanga pambuyo wopanda nsapato. Adokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anawagwira pamkono, nkhope n'kusintha. Sanandibisire. Anati mtima ukugunda mofulumira kwambiri moti sukupopa bwino magazi. Mankhwala oubweza m'chimake, ndi makina oudzidzimutsa ndi magetsi, zonse zinali ku boma. Ambulansi inali itachoka ndi mayi wapakati.

"Chomwe ndili nacho ndi ichi," anatero, akutulutsa sirinji yopanda singano. "Agogo, uzirani umu mwamphamvu, ngati mukukoleza nkhuni zaziwisi. Kenako ndikugonekani chagada. Nthawi zina mtima umabwerera. Inu mayi, mukweze miyendo yawo m'mwamba."

"Adokotala, awa ndi apongozi anga."

"Nanga ndiitane ndani? Anamwino ali ndi mayi wina amene akubereka."

Ndinapsa mtima, koma mpaka lero sindidziwa kuti ndinapsera yani. Ndinagwira basi. Akakolo owonda, zidendene zong'ambika, zala zakuda ndi phula la fodya. Apongozi anatseka maso chifukwa cha manyazi, n'kuuzira mpaka misempha ya m'khosi kutupa. Tinawagoneka, ine n'kukweza miyendo. Adokotala anamvetsera pachifuwa, anapukusa mutu. Tinabwereza. Tinabwerezanso. Anawathira madzi ozizira kumaso. Mtima osamva ayi. Ndinkayang'ana kasirinji kaja n'kumadzifunsa kuti zoona moyo wa munthu wamkulu chonchi watsalira pa kapulasitiki?

Adokotala anawaika diripi, anatuluka okha kumsewu n'kuimitsa lole yopita ku Kasungu. Anandipepesa kuti sangasiye odwala ena. "Miyendo isatsike," anandiuza. "Magazi azipita kumutu."

Ndinakhala kumbuyo kwa lole pakati pa matumba, botolo la diripi titalimangirira kuchitsulo, mapazi a apongozi ali paphewa panga. Msewu wake wokumbikakumbika, fumbi kobo. Ndinkatukwana maenje chamumtima, ndinkatukwana thirakitala imene inatenga amuna anga, chifukwa china choti ndichite panalibe.

Tili m'njira anatsegula maso n'kundiyang'ana kumaso kwenikweni, koyamba chikhalire nawo.

"Mwanangu, mwatopa. Itsitseni."

"Sinditsitsa, bambo. Gonani."

Ine wa pakamwa uja, mawu anga anathera pomwepo. Sindinawauze kuti zoti amandisungira nzimbe mobisa pakhomo ndimadziwa.

Malaya aja anasiya kunjenjemera. Poyamba ndinasangalala, ndimati mtima wabwerera m'malo. Kenako ndinamva mapazi akulemera, n'kuyamba kuzizira pakhosi panga. Ndinaitana, "Bambo." Zii. Sindinamenye chitsulo kuti adalaivala aime. Akanaima kuti atani, pakati pa minda ya fodya?

Tinalowa pageti la chipatala cha ku boma miyendo ikadali m'mwamba. Anamwino ena anakwera pa lole, anawagwira pakhosi, kenako anayamba kumasula zala zanga chimodzichimodzi.

"Tsitsani tsopano, mayi," anatero.