Chitseko Chimene Ndinkalondera

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kukuwa, osati satifiketi. Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinakhala chaka chathunthu kwathu ku Kaomba, ndikusoka fodya ndi kuphunzitsa Sande Sukulu. Zinali zaka za makuponi zija, pamene nkhani pamudzi inali ya feteleza basi. Tsiku lina kutchalitchi kunafika galimoto ya kakampani kena kojambula pulogalamu ya ana imene inkaoneka pa TV Loweruka m'mawa. Ankafuna kwaya ya ana athu. Anawo ataona kamera anasokonekera mitu, wina apa, wina apo, phokoso lokhalokha. Ine ndinangokuwa kamodzi kuti, "Aliyense pamzere!" Panangoti zii. Mwini kampaniyo, bambo Mwale, anacheuka nati, "Chemwali, mumagwira kuti ntchito?" Lolemba lotsatira ndinali ku Boma, nditanyamula kachikwama ka zovala.

Tinalipo anayi. Bambo Mwale ankayendetsa zonse, a Yohane ankagwira kamera, ine anandipatsa za mawu. Wachinayi anali muulutsi wa pulogalamuyo, amene ana onse ankamudziwa ndi dzina lakuti Ankolo Kalindo. Ameneyo ndiye anali pulogalamuyo. Akatsika m'galimoto ndi chipewa chake chamawangamawanga, sukulu yonse inkathamangira kwa iye. Ankadziwa kuseketsa, ankagwira mayina a ana msanga, ndipo amayi ankamupatsa mtedza ndi nkhuku. Inenso ndinkamutamanda, sindinama ayi.

Ntchito ya mawu ndi yosaoneka, koma ikalakwika aliyense amaimva. M'mawa ndinkayamba ndi mabatire, atsopano m'thumba lamanja, akutha m'thumba lamanzere, osasakaniza. Jenereta tinkaiika kuseri kwa nyumba, kutali, kuti kulira kwake kusalowe m'tepi, kenako n'kukoka nthambo mpaka pojambulira. Tinali ndi timaikolofoni tiwiri tating'ono tomata pakolala. Kalikonse kanali ndi kawaya kotsika mkati mwa malaya kukafika pa kabokosi kokoleka m'chiuno, ndipo kabokosiko kankatumiza mawu opanda waya kufika pa makina anga osakanizira mawu. Ndinkavala mahedifoni, munthu n'kunena "wani, thuu," ine n'kumayang'ana timagetsi tapamakinapo. Tikafika pofiira ndiye kuti mawu aphulika, ndichepetse. Matepi anali odula, moti bambo Mwale anali ndi lamulo lawo: "Tepi siyenda ndisananene ine."

Panali malamulo ena awiri amene ndinangowapeza. Loyamba, ana ankawaveka maikolofoni ndi Ankolo okha. Ankati, "Inu mumathyola timapini, ndisiyireni." Lachiwiri linali la kuyeserera. Mwana wolakatula ndakatulo kapena woimba yekha ankayamba walowa ndi Ankolo m'kachipinda kabata, kaya kosungiramo mabuku kaya kovalira abusa, kuti akamuchotse mantha ndi kumukonza mawu. Ine ntchito yanga inali kuima pakhomo n'kumathamangitsa aliyense. Ndinkaigwira ndi mtima wonse ntchito imeneyo. Ana osuzumira pawindo ndinkawakalipira, aphunzitsi ndinkawabweza mwaulemu, ngakhale mayi wina wofuna kupatsa mwana wake mpango ndinamuuza kuti, "Pepani mayi, akuyeserera, musawasokoneze." Miyezi isanu ndi iwiri ndikuchita zimenezo, ndikudziona ngati munthu wodziwa ntchito. Ha, uchitsiru wake!

Tsiku lovutalo linali mu Novembala, mvula isanagwe, kutentha kwadzaoneni. Tinkajambula pasukulu ina ya pulayimale pakati pa minda ya fodya. Masiku ena makolo ankadzaza pabwalo kudzaonerera, koma sabata imeneyo feteleza wamakuponi anali atafika kudepoti, ndipo mudzi wonse unali pamzere kumeneko tsiku lachitatu. Ana anabwera okha. Pakati pawo panali mtsikana wa Sitandade 4, ndimutchule Tadala ngakhale si dzina lake, amene analoweza ndakatulo ya mvula yoyamba. Anali wochangamuka, wamawu omveka bwino, ndipo anabwereka juzi ya mkulu wake kuti aoneke bwino pa TV ngakhale kunkatentha chotero.

Ankolo anachedwa kutsika m'galimoto, ankalankhula pafoni. Bambo Mwale anali akuyang'ana dzuwa n'kumang'ung'udza, ndiye ine, pofuna kupulumutsa nthawi, ndinaphwanya lamulo. Ndinamuveka Tadala kamaikolofoni ndekha, kabokosi n'kukabisa pansi pa juzi, n'kuyatsa. Ankolo atabwera anamugwira mwanayo dzanja nati, "Tiye tikayeserere, nyenyezi yanga." Sanadziwe kuti wavala kale. Analowa m'kachipinda ka mabuku, chitseko gwa. Ine ndinakaima pamalo panga, koma batire ya jenereta itayamba kuvuta a Yohane anandiitana, ndipo pobwerera ndinadutsa pa makina anga n'kuvala mahedifoni kuti ndimve ngati zonse zili bwino.

Ndinamva mawu a Ankolo, koma osati aja a pa TV. Anali apansipansi, onyengerera. "Usaope, ndine Ankolo. Ana onse amene umawaona pa TV amayamba chonchi. Ukakanena kwanu, sudzaoneka." Kenako mawu a mwana: "Ayi Ankolo, ndisiyeni. Ndikufuna kutuluka." Zina zimene ndinamva sindizilemba pano. Wamkulu aliyense akudziwa chimene munthu uja ankafuna kwa mwana wa zaka khumi.

Ndinaponya mahedifoni pansi n'kuthamanga. Chitseko chinali chokhoma mkati. Ndinagogoda, ndinakuwa, kenako ndinachimenya ndi phewa kawiri, kachitsulo kokhomera n'kuzuka ndi misomali yake. Tadala anali pakona, misozi ili chuchuchu. Anandithamangira n'kundigwira chitenje mwamphamvu. Munthu uja, mukhulupirire, ankamwetulira. Anati, "Asisi, mwatani kodi? Mwana wangochita mantha ndi kamera."

Ndinapita kwa bambo Mwale mwanayo ndili naye, n'kuwauza zonse pamaso pa a Yohane. Anandikokera pambali, pansi pa mtengo wa mango. Funso lawo loyamba silinali la mwana.

"Wajambula?"

"Ayi. Tepi inali yoima. Si lamulo lanu lomwe?"

"Ndiye uli ndi chiyani? Mawu a m'makutu mwako? Tamvera, mtsikana. Pulogalamu ino ndi nkhope ya munthu ameneyu. Otithandiza akangomva fungo la nkhaniyi, tonse tikakhala kunyumba. Tikambirana ku ofesi."

"Nanga mwanayu?"

"Kholo lake ladandaula? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bwerera pa makina, dzuwa likupita."

Ndinayang'ana a Yohane, munthu wa ana atatu, amene tinkadyera limodzi tsiku lililonse. Anawerama n'kumapukuta galasi la kamera lomwe linali loyera kale. "Ine sindinaone kanthu, chemwali," anatero. Mtima unandiwawa kuposa phewa. Apo m'pamene zinandibwerera zonse za miyezi yapitayo. Ana angapo ankatuluka m'tizipinda tija ali duu, osayang'ana munthu, ife n'kumati ndi manyazi a kumudzi. Wina anakaniratu kubwera tsiku lachiwiri, ife n'kumati ndi matama. Ndipo pakhomo lililonse woimapo ndinali ine.

Pa makina sindinabwerere. Ndinavula Tadala kamaikolofoni, n'kukaika patebulo, ndipo tinakwera kabaza kupita kudepoti. Anthu anali nyomi, ena atakhala pamatumba, ena atagona pamthunzi wa ngolo. Mayi ake a Tadala tinawapeza pafupi ndi khomo, patsogolo pawo patangotsala anthu ochepa, kuponi ataimanga pakona ya chitenje. Ndinawanong'oneza. Anandiyang'ana, anayang'ana mwana, kenako anatuluka pamzere osacheukanso. Mnzawo anakuwa, "Amake Tadala, malo anu!" Iwo anangopitirira. Masiku atatu a padzuwa anawasiya pomwepo, ndipo mpaka lero mayi ameneyo ndimamulemekeza.

Tinapita ku Boma madzulo omwewo, kuchipatala kenako kwa oona za ana. Anatilandira bwino, analemba zonse, ndipo mayi wina kumeneko analankhula ndi Tadala mofatsa kwambiri. Ndinaganiza kuti zatheka. Kalanga ine, sindinkadziwa kuti nkhani imafa bwanji.

Imafa pang'onopang'ono. M'mawa mwake ndinalandira kalata yondichotsa ntchito, akuti chifukwa chothyola chitseko cha sukulu ndi kuthawa pantchito. Ofufuza atafunsa kukampani, anawauza kuti ndine mtsikana wokwiya chifukwa chochotsedwa, ndipo ena anawonjezera kuti ndinkafuna Ankolo iwo n'kundikana. Ine! Pamudzi nkhani inagawa anthu. Ena ankati munthu wopemphera ngati uja sangatero. Achibale a bambo ake a Tadala anayamba kubwera mmodzimmodzi, akuti mwana wamkazi akatchuka ndi nkhani yotere mbiri imamutsata mpaka kukula, akuti pajatu sanavulale, akuti mlandu wa ku Boma umadya masiku olima. Mvula inagwa, anthu anayamba kuwokera fodya, tsiku loitanidwa ku Boma linafika ndipo bambo ake sanapite. Mayi ake anabwera kwathu akulira. "Ndayesetsa, achemwali, koma m'nyumba ndili ndekha." Kampani ija inangosamukira kukajambula kuboma lina.

Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri ndi anzeru a pambuyo. Aliyense womva nkhaniyi ankati, "Ukanayamba wadina batani. Mphindi ziwiri zokha, bwenzi uli ndi umboni." Mphindi ziwiri! Ndikhale pampando, mahedifoni kumutu, ndikuyang'ana timagetsi kuti tisafike pofiira, mwana akupempha kutuluka? Ndalingalirapo kambirimbiri, ndipo ndikudziwa kuti tepi ikanamumangitsa munthu uja. Komabe atandibwezera tsikulo, ndingathamangenso. Chimene sindidzikhululukira si batani ayi, koma miyezi isanu ndi iwiri ija.

Patapita masabata angapo, ana anamva kuti gawo la pasukulu pawo lioneka Loweruka. Pamsika wapafupi TV inali pagolosale ya a Saidi, ndipo tsikulo anaitulutsa pakhonde kuti onse aone. Sindinafune kupita, koma Tadala anatuma mayi ake kudzanditenga. Anakhala pambali panga atavala juzi ija. Kwaya inaoneka, ana n'kumakuwa poona nkhope zawo. Masewera a mpira wamanja anaoneka, mphunzitsi wamkulu anaoneka, ngakhale mbuzi yodutsa pabwalo inaoneka. Munthu uja anali pakati pa zonse, akuvina ndi chipewa chake, ana atamuzungulira, anthu pakhondepo n'kumaseka. Tadala sanaoneke paliponse. Ngakhale pamzere wa kwaya, pamene anaima m'mawa muja, anadula chithunzicho bwinobwino kuti chithere pa mnzake woyandikana naye. Ntchitoyo ndikuidziwa, imafuna munthu kukhala pansi n'kuichita mwadala.

Anthu atabalalika, Tadala anandikoka dzanja n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Anti, kodi ndinalakwitsa ndakatulo ija? N'chifukwa chake andichotsa?"

Ndinagwada pafumbipo kuti tifanane msinkhu. Ndinamuuza kuti sanalakwitse kalikonse, kuti wolakwa ndi munthu wamkulu uja, ndi ife akuluakulu tonse amene tinali pomwepo. Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira ana akamva mawu a akulu, koma ndinaona kuti sanakhulupirire. Munthu uja anamulonjeza kuti akanena sadzaoneka. Ananena, ndipo sanaonekedi. Mwana wa zaka khumi umuuza chiyani pamenepo?

Za mawu sindinazisiye. Lero ndili ndi makina angaanga, ndimajambula makwaya, maukwati ndi timasewero ta ana a sukulu kuzungulira Kasungu. Mwana sindimujambula popanda mayi ake kapena mphunzitsi wamkazi amene mwanayo wasankha yekha. Kamaikolofoni amamuveka ndi mayi akewo, pagulu, ine n'kumangolozera. Kuyeserera kumachitikira pabwalo, ndipo tikalowa m'chipinda chitseko chimakhala chotsekula, ndimachiikira mwala. Mwana akasiya kubwera mwadzidzidzi, sindinena kuti ndi matama, ndimapita kwawo kukafunsa.

Mawu ojambulidwa chonchi sakhala oyera, ndikuvomera. Mumalowa tambala, mumalowa njinga yamoto, mumalowa mayi woitana mwana kuchitsime. Eni ntchito ena amadandaula. Mwezi wathawu mkulu wina wa kwaya anandiuza kuti, "Mayi, titsekeko pang'ono chabe, mwanayu aimbe yekha ndi aphunzitsi ake. Kodi simutikhulupirira?" Ndinamuyankha kuti tambala alire m'nyimbo mwawo, sindisamala. Anaumirira. Ndinazimitsa makina, ndinapinda nthambo zanga, ndipo ndisanakwere njinga ndinapita kukalankhula ndi mayi a mwanayo.