Chumuni choyang'ana pansi ku Kanakantapa

Ba welda a kuseri kwa msika wa Chongwe, zikomo kwambiri. Mwandiphunzitsa kuti utsi umayenda chotsika ngati madzi. Kusukulu anaiwala kutiuza.

Amayi anga ali ndi mphumu. Ndinakawatenga ku Bundabunda kuti chisanu cha Juni uno chiwapeze kwanga ku Kanakantapa. Kukiliniki anatiuza kuti mbaula m'nyumba ayi. Ndiye ndinapita kwa akatswiriwa, nkulipira K2,800 kuti andipangire chitofu cha nkhuni chokhala ndi chumuni.

Anati abwera Lolemba 08:00. Anafika Lachinayi 14:30, ine ndili kudimba. Pobwerako ndinapeza ntchito yatha, eni ake apita. Paipi sanaitulutsire padenga. Anaboola khoma pamwamba, kuigoneka chopingasa, kuigundanitsa ndi mtanda wa denga, kunjako nkuipinda kuti iyang'ane pansi. Ngati mpopi.

Ndinawaimbira foni. Akuti, "Mudala, tinaganizira mvula, ingangene mupaipi."

Mvula! Mu Juni! Ku Chongwe kuno, kumene ngakhale mu Januwale timachita kuipempha chogwada?

Tinayatsa 17:00. Mphindi khumi zisanakwane, pabalaza munthu sumamuona mnzako. Amayi anayamba kubanika, chifuwa chikuimba mluzu. Ndinawathamangitsira kukiliniki pa njinga yamoto ya aneba. Anamwino kundiyang'ana: "Si imwe tinakuuzani za utsi?" Ndikanayankha chiyani? Kuti ayi sisita, uwu ndi utsi wogula?

Loweruka ndinakwera minibasi mpaka kushopu. Mwini wake anali atakhala pachitini cha penti, akudya chinangwa. Sanadzuke nkomwe.

"Bwanji ba kasitoma? Nkhuni zanu ni ziwisi."

Nkhuni zimene zakhala padzuwa kuyambira Epulo!

"Olo muzitsegulako mawindo na chitseko."

Tamvani nzeru. Ndigule chitofu chotenthetsa nyumba, kenako nditsegule ponseponse. Bwanji osangokaotha panja?

Mmisiri wina wachikulire, amene anamangapo nyumba za m'mafamu, anabwera kudzaona. Anangogwira pakamwa. Akuti chumuni chimakwera chowongoka mpaka kupitirira msonga ya denga, pamwamba nkuchiveka kachipewa. Molumikizira muzikhala motseka bwino, ndipo chisakhudze thabwa. Anandionetsa mtanda uja. Wada kale, ukununkha kupserera. Tikanayatsa kachiwiri, bwenzi pano tikugona pansi pa mtengo wa mango.

Amayi atuluka kukiliniki, koma pabalaza akana kulowamo. Akungokhala pakhonde atafunda mabulangete awiri, akuyang'ana paipiyo ngati njoka. Akuti ndiwabwezere kumudzi. Kumudzi kumene akakhale okha, mbaula ili pafupi ndi mphasa.

Ndiye ba welda, mvetserani bwino. Lachitatu 10:00 ndikuoneni pakhomo panga ndi makwerero ndi paipi yowongoka. Mukapanda kubwera, chitofu chanucho ndichikweza pangolo pamodzi ndi paipi yake yopindayo, ndidzachiyatse m'shopu mwanu inu muli momwemo. Tidzakhale pansi tonse awiri, tione amene ayambe kuthawa.