Chilimwe chimene Bambo analambula manda a eni

Fungo la utomoni wa paini likandipeza, ngakhale la m'sopo wokolopera, ndimabwerera ku chilimwe cha 1976, ndili kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Tinkakhala ku Mississauga, kudziko lozizira la kutsidya kwa nyanja, moyandikana ndi a Lenadi, nkhalamba yachizungu imene Amayi ankaisamalira akaweruka kuchipatala. Chaka chimenecho, chipale chofewa chisanasungunuke, uthenga unafika woti agogo, amayi awo a Bambo, amwalira ku Ntcheu. Bambo sanapite kumaliro. Masiku amenewo kupita kwathu kunali kosavuta, koma kubwerako inali nkhani ina. Sanalire, ndipo dzina la agogo sanalitchulenso. Nyumba yonse inangozizira nawo.

A Lenadi anakulira kumpoto kwenikweni, pa kasiteshoni ka m'nkhalango kosafikako msewu. Ankatiuza kuti kale kunali macheka a matabwa, ndipo sukulu yawo inali bogi ya sitima imene inkasiyidwa pambali pa njanji kwa masiku ochepa, kenako n'kukokedwa kupita kwa ana ena. Mitengo ikuluikulu itatha, anthu anabalalika. Chimene chinkawadya mumtima chinali manda a akazi awo, amene tchire linali kuwameza. Bambo atamva anangouza a Lenadi kuti, "Agogo, konzekani. Manda sasiyidwa choncho." Anagula khasu la kuno, lopepuka ngati chidole, n'kulinola pasimenti.

Tinayenda pagalimoto mpaka msewu unatha, kenako tinakwera sitima imene inkaima munthu akangoikupizira dzanja. Tinapeza nyumba zowerengeka, nyanja yakuda bii, ndi udzudzu umene Amayi anati ukuposa wa ku Chikwawa. Koma anthu ake, abale inu! Panalibe chitseko chokhala ndi loko. M'nyumba zosiyidwa ankaikamo nkhuni, machesi ndi chitini cha nyemba, kuti wosochera nthawi ya chipale asafe. Mayi Rozi, mwini kagolosale, analinso wa positi, mzamba komanso wometa tsitsi, ndipo manda onse ankawadziwa eni ake pamtima.

Bambo anakana kulowa kumanda asanapemphe kwa mfumu. Mayi Rozi anaseka mpaka kutsokomola. "Mfumu? Kuno aliyense ndi mfumu ya galu wake!" Bambo sanaseke. Anavula chipewa, ananjuta, n'kuwomba m'manja pamaso pawo. Mayiwo anasiya kuseka, anapukuta manja pa epuloni, n'kunena kuti, "Lowani, bambo. Akudikirani kalekale." M'mawa mwake kamudzi konse kanatuluka ndi nkhwangwa ndi mafosholo, osaitanidwa.

Ine anandisiya kunja kwa mpanda, poti kwathu mwana salowa kumanda, ndiye ndinkasuzumira pakati pa matabwa. Manda a akazi a Lenadi anayera dzuwa lisanafike pamutu, mkuluyo atakhala pachitsa akusisita mtanda ndi chikhato. Ena anayamba kuphika tiyi, koma Bambo sanaleke. Anapita kumapeto, pa kamtumbira kopanda dzina. Mayi Rozi anandinong'oneza kuti pamenepo panagona mayi wina amene ankaphikira ocheka matabwa, ndipo ana ake anapita kutali osabweranso. Bambo anaika khasu pansi, anazula udzu ndi manja, anaunjikira dothi bwinobwino, n'kugwada nthawi yaitali milomo ikugwedera. Palibe amene anawafulumizitsa. Anthu aja, amene sankadziwa n'komwe kumene kuli Ntcheu, anavula zipewa n'kuima pomwepo mpaka tiyi anazizira.

Potuluka anasamba m'manja pachipata, maso ali psuu. Nditawafunsa anati, "Ndi udzudzu, mwanawe." Ndinakhulupirira, mpaka ndinawapatsa mafuta anga odzola. M'sitima pobwerera anayamba kutisimbira mmene agogo ankakazingira mtedza, akuwatchula dzina, ndipo anaseka koyamba chaka chimenecho. Ine ndinkati Bambo akondwa chifukwa athandiza a Lenadi. Lero ndapitirira msinkhu umene anali nawo tsiku lija, ndipo ndikudziwa kuti udzudzu suluma m'maso. Ndikudziwanso amene Bambo anakawaika m'manda m'nkhalango muja.